Filimu Imene Alamu Sanaimalize

Ine nkhani za eni ndimazikonda, sindingakane. Ukamagulitsa zitumbuwa pakhomo pa vidiyo, ngakhale utatseka makutu ndi thonje nkhani zimakupeza basi. Koma iyi si ya eni ayi, ndi ya pakhomo pathu penipeni, ndipo anthu pa Mtakataka pano aipotoza kale. Ena akuti achemwali anga anagwa pansi n'kumatuluka thovu, ena akuti anamera ndevu. Bodza lenileni. Ine ndinalipo, beseni langa lili pamiyendo.

Dzina langa ndi Thandizo. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, ndiye mukaona polakwika musandiseke. Achemwali angawo ndi a Yunisi, ndipo amuna awo, alamu anga, anali a Limbani, aja ankamasulira mafilimu m'Chichewa.

Kwa amene simudziwa, filimu imabwera ikulankhula Chizungu. Ndiye munthu amatenga maiki n'kumalankhula pamwamba pake, kulankhulira aliyense: mwamuna, mkazi, wapolisi, ngakhale galu akauwa amamunenera chimene wauwira. Akatsegula pakamwa phokoso la filimu limatsika, akatseka limakweranso. Alamu ankakonda mafilimu akalekale a magulu a anyamata a m'misewu, aja ovala majekete achikopa opanda manja, omenyana ndi matcheni a njinga pansi pa milatho. Zithunzi zake zofiirira ngati zinasungidwa pa utsi. Ankati atsopanowa alibe nyimbo, n'phokoso chabe.

Tsono ndikuuzeni chinsinsi: Chizungu alamu sankachidziwa kwenikweni. Ankangoyang'ana nkhope ndi manja, zina zonse n'kupeka. Mayinanso ankapereka a konkuno. Gulu lina linkakhala la pa Golomoti, lina la pa Mtakataka, mlatho uliwonse unali wa Livulezi. Bwana wa zigawenga nthawi zonse anali Petulo, chifukwa a Petulo a pachiwaya anawagulitsapo nyama yolimba ngati tayala. Ndipo mtsikana wokongola mu filimu iliyonse anali Yunisi.

"Bambo inu, mukundichititsa manyazi kutchalitchi," ankadandaula achemwali. "Dzulo amayi a kwaya akundifunsa kuti ndiye mwayamba kukwera njinga zamoto ndi zigawenga?"

"Nanga si unakwera? Tonse tinakuona."

"Mundisiye!"

"Ndikakusiya ndiike ndani? Thandizo? Filimu ingathe anthu asanamve mawu a wina aliyense."

Ankajambulira kuchipinda, atakhoma mabulangete ndi masaka m'makoma. Achemwali ankakhala pamphasa pambali pawo akusankha mpunga, ndipo nthawi zina ankawadula. "Ayi, mwalakwitsa. Mtsikanayo sakulira chifukwa cha njala, amunamiza. Taonani mmene wagwirira chitseko." Alamu ankabweza filimu, kuyang'anitsitsa, n'kuseka kaseko kawo kokokera mpweya m'mano. "Mkazi uyu andilanda ntchito."

Filimu yomaliza anaiyamba nthawi yowokera mpunga. Inali ndi kanyimbo ka likhweru, munthu mmodzi akuliza pang'onopang'ono, pansi pake ng'oma ikugunda ngati mtima. Alamu ankakaliza posamba, potsuka njinga, paliponse. Kenako mutu unayamba kuwawawa. Anati ndi malungo wamba, anapitiriza kujambula. Tsiku lina masana anatuluka m'chipindamo atagwira khoma, n'kunena kuti amaliza mawa. Tinawatengera kuchipatala ku Mua, ndipo sanabwereko ndi miyendo yawo.

Maliro anayenda monga mwa mwambo. Tinameta, katundu anagawidwa, laputopu inapita kwa msuweni wawo wina. Kamemole kamene munali filimu ija sindikudziwa kanayenda bwanji, koma kanakafika m'manja mwa a Yakobo, eni vidiyo imene ndimagulitsirapo zitumbuwa.

Vidiyo ya a Yakobo ili kuseri kwa msika. Ndi chinyumba cha malata, mkati anakutira mapulasitiki akuda kuti muzikhala mdima masana. Panja pali mtengo wa bulugama wozikidwa, pamwamba pake chisipika, kuti odutsa azimva zimene akuphonya. Ndiye tsiku lina dzuwa lili pamutu, ndikupatsa kasitomala chitumbuwa, ndinangomva likhweru lija. Kenako:

"Eee, anthu a pa Mtakataka, khalani pansi bwinobwino, wa chipewa kutsogoloko avule, nkhani yayambika!"

Foloko inagwa m'manja mwanga. Ndinatembenuka kuti ndiwapatse moni, ndithu. Thupi linaiwala kuti tinawaika m'manda.

Mafilimu ena a alamu a Yakobo anali atawapumitsa chifukwa cha ulemu. Koma iyi inali yatsopano, palibe anali ataionapo, ndipo mbiri itamveka kuti ndi mawu omaliza a malemu, anthu ankachokera ku Golomoti ndi ku Mua pa njinga. M'mene ankadzaziramo, ena ankaonera ataima. Ine ndinkasuzumira pa kabowo ka msomali pafupi ndi chitseko, mpaka ndinailoweza.

Akita wake, ndikutanthauza mwini filimu uja amene anyamata amati safa, anali wamtali, wa chipsera pa chibwano. A Yakobo anandiuza kuti filimuyo ndi yakale kuposa amayi anga, ndipo akitayo anamwalira kalekale ali nkhalamba, mtsikana uja nayenso, mwinanso woliza likhweru yemwe. Ndinawafunsa kuti ndiye kuti tikuonera anthu akufa okhaokha, akulankhula ndi pakamwa pa munthu wakufa? Anati, "Iwe, gulitsa zitumbuwa."

Chakumapeto kwa filimuyo akita ndi mtsikana amathawira padenga la chinyumba chachitali. Akitayo wabayidwa pamkono, gulu la Petulo likuwasaka pansi, kumbuyo kwawo sitima zikudutsa. Amamugwira mtsikanayo mapewa, ndipo alamu amatsitsa mawu:

"Yunisi, pali chimene ndakhala ndikufuna kukuuza. Ndimati..."

Pamenepo amatsokomola. Kawiri, kouma. Mpando umakhwekhwereza pasimenti. Basi. Kuyambira apo Chizungu chokhachokha mpaka kumapeto, ndipo palibe amadziwa chimene chikunenedwa. M'vidiyomo, mmene mumakhala phokoso la anyamata, pamenepo mumangoti zii.

Sipanatenge nthawi, amayi a alamu, aNangozo, anamva. Anayamba kubwera kuchokera kumudzi kwawo, ulendo wautali ndithu, ndi kandodo kawo. M'vidiyo sankalowa. Ankakhala pakhonde la chigayo moyang'anana ndi chisipika chija, miyendo atatambasula, osalankhula ndi munthu. Nthabwala zikamanenedwa ankamwetulira. Pa kutsokomola paja ankaweramitsa mutu n'kunena chapansipansi, "Pepa, mwana wanga." Chizungu chikayamba, ankadzuka n'kumapita. Mawa lake omwewo. Dzuwa la kuno mukulidziwa mmene limaotchera, koma iwo ayi ndithu, ngakhale malata a chigayo akulira ndi kutentha. Ndinkawapatsa chitumbuwa, ankangochimanga pa nsalu.

Achemwali okha anasiya kupondako kumsika. Popita kudimba ankazungulira njira ya kunjanji. Koma mphepo ikachokera kumsika likhweru lija linkafika mpaka pabwalo pathu, ndipo ankalowa m'nyumba n'kutseka chitseko. Anaonda, abale, mpaka zilundu zinkazungulira kawiri.

Chaka chinatha, tinakonza manda, china chinayamba. Kenako kunabwera a Gidiyoni.

A Gidiyoni amalima mpunga ku sikimu ya Bwanje. Ndi munthu wosalankhulalankhula, wa mapazi ong'ambika ndi matope, amene mafilimu saonera n'komwe. Anakumana ndi achemwali pogula mbewu. Ine ndi amene ndinayamba kuzindikira, chifukwa munthu sungabwere kudzabwereka mpope wa njinga pakhomo lopanda njinga. Ndinauza mnzanga mmodzi yekha, koma pofika Lamulungu kwaya yonse inali ikudziwa. Achemwali anandikoka khutu, koma ankaseka. Kanali koyamba kuwaona akuseka chimwalirire alamu.

Tsono kwathu kuno mkazi wamasiye sangangokwatiwa. Achibale a mwamuna amayenera kumusudzula kaye, kunena pamaso pa ankhoswe kuti mwana wathu anapita, iwe ndiwe mfulu. Popanda zimenezo, mwamuna wanzeru sangalowe m'nyumbamo, ndipo ana obadwa anthu amawalozera zala. Amalume athu a Jailosi anatumiza mawu, ndipo aNangozo anabwera ndi achimwene awo. Anakhala pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinkatsuka mbale zotsuka kale kuseri kwa nkhokwe.

Amalume analankhula bwino, mozungulira monga amachitira akuluakulu. ANangozo anamvetsera mpaka kumapeto.

"A Jailosi, amasudzula mkazi wa munthu amene wapita. Wangayu wapita kuti? Dzulo lomweli ndamumva."

"Mayi, aja ndi makina chabe."

"Makina amatsokomola?"

Amalume anakanda m'mutu. Achimwene a aNangozo anangoyang'ana pansi.

"Sindikudana naye Yunisi," anapitiriza aNangozo. "Anandisamalira mwana. Koma ndikumva kuti mwamuna wake wamugwira mapewa, akumutchula dzina, akuti pali chimene ndikufuna kukuuza. Tsiku ndi tsiku akuyamba, sakumaliza. Ndiye ine ndiime pakati pawo ndinene kuti pita kwa wina, iye ali pakamwa yasa? Amalize kaye. Akamaliza ndidzasudzula ndi manja awiri."

"Nanga amaliza bwanji, mayi, munthu ali kumanda?"

"Zimenezo ndiye sindikudziwa."

A Yakobo atamva anachita manyazi, anati aifufuta filimuyo. ANangozo anawaimirira pakhomo la vidiyo n'kuwafunsa ngati akufuna kumuikanso m'manda kachiwiri mwana wawo, mawu ali m'kamwa. Ndiponso kufufutako kukanathandiza chiyani? Inali italowa kale m'mafoni a anyamata a kabaza kuyambira pano mpaka ku Golomoti.

A Gidiyoni anadikira. Mpunga unabereka, unayamba kucha. Kenako ndinamva kwa mayi wina wogulitsa usipa, amene mlamu wake amakhala ku Bwanje, kuti achibale a a Gidiyoni awapezera mkazi wina wa komweko, ndipo awauza kuti akangomaliza kumweta asankhe. Nkhani imeneyi sindinaiuze munthu wina, ndinathamanga nayo kunyumba.

Achemwali anamvetsera akusenda chinangwa. Anasenda mpaka chinangwa chinatha. Kenako anandifunsa:

"Thandizo, iwe umasuzumira. Akatsokomola paja, chimachitika n'chiyani?"

Ndinawafotokozera. Mtsikana amalankhula pang'ono, akita amalankhula nthawi yaitali, kenako mtsikana amatsika pa makwerero achitsulo a kuseri. Akita amatsala.

"Nkhope yake imakhala bwanji polankhulapo?"

"Ngati munthu wotopa."

"Manja?"

"Amamusiya mapewa, amaloza kunjanji."

Anapukuta mpeni pa chitenje. "Ukawauze a Yakobo kuti mawa asanatsegule andikonzere maiki. Ukawauzenso amayi kuti mawa asakhale pachigayo, alowe mkati."

"Achemwali, mukufuna kutani?"

"Ntchito ya amuna anga inatsala. Ndikaimalize."

M'mawa mwake anavala chilundu chawo chakuda cha pamaliro chimene anali atachisiya kale. Anadutsa pakati pa msika, koyamba chichitikire maliro, ndipo amayi a tomato anasiya kuitanira malonda. Mkazi wamkulu kulowa m'vidiyo kuno ndi nkhani payokha, nanji wamasiye, nanji ndi apongozi ake.

Mkati munali mdima ndi fungo la thukuta ladzulo. Dzuwa linkalowa m'mabowo a malata ngati timizere tafumbi. ANangozo anakhala pa benchi yakutsogolo, kandodo pakati pa miyendo. Amalume a Jailosi kumbuyo kwawo. A Gidiyoni anaima pachitseko chipewa chili m'manja, osalowa osatuluka. Ine ndinakhala pakona ndi beseni langa, palibe anandithamangitsa. A Yakobo anati anaiwala kuzula waya wa chisipika chapanja. Kuiwala kwake kumeneko ine sindikukhulupirira, koma zotsatira zake n'zakuti msika wonse unamva.

"Ndiyambire padenga paja?" anafunsa a Yakobo.

"Yambirani poyamba," anatero achemwali. "Sindinaionepo."

Likhweru linayamba. Alamu anapereka moni, anauza wa chipewa kuti avule, ndipo a Gidiyoni anayang'ana chipewa chawo m'manja. Achemwali anakhala pampando pafupi ndi sikirini, maiki ali pamiyendo, msana uli chilili. ANangozo kanali koyamba kuona zithunzi zake, masiku onsewa ankangomva mawu. Akita atatulukira anafunsa mokweza, "Ndiye ameneyu?"

Pali zinthu zimene pa chisipika chapanja sizimveka koma mkati zimamveka. Pansi pa mawu a alamu munkamveka tambala wathu uja tinadya pa Khirisimasi. Munkamveka mpunga ukuwayawaya m'lichero. Pena pake, gulu la Golomoti likuthamangitsana ndi apolisi, panamveka mawu aang'ono patali akuti, "Bambo, madzi osamba azizira." Achemwali anagwira pakamwa. Anali iwowo.

Tinafika padenga. Sitima zikudutsa, magazi pamkono.

"Yunisi, pali chimene ndakhala ndikufuna kukuuza. Ndimati..."

Chifuwa. Mpando.

"Pepa, mwana wanga," anatero aNangozo.

Chizungu chinayamba. A Yakobo anatsitsa phokoso n'kukodola achemwali. Mtsikana wa pa sikirini ankalankhula, ndipo achemwali anakweza maiki ndi manja awiri.

"Nenani, bambo. Ndikumva. Ndabwera."

Kenako kamera inatembenukira kwa akita, milomo yake inayamba kuyenda. Womasulira amalankhulira aliyense, ndiye panalibe kothawira, amayenera kumulankhuliranso iyeyo. Milomo ikuyenda, mawu palibe. Ndinaganiza kuti zakanika. Kenako ndinamva munthu akukokera mpweya m'mano.

Tsitsi langa linaima. Sindikunena kuti anali mawu aamuna ayi, amene akunena zimenezo akuwonjezera. Anali mawu a achemwali, koma kayendedwe kake, popumira pake, kukoka kwa mawu kumapeto, zonse zinali za alamu.

"Ndimati ndikuuze kuti ndatopa, Yunisi. Tsiku lililonse andidzutsa. Andiimika padenga pano, dzuwa lili pamutu, ndiseketse anthu, ndikugwire mapewa, nditsokomole. Ndikati ndigone, andidzutsanso. Mkono ukuwawa. Ndatopa ine."

Panja, pamene panali phokoso la msika, panalibe ngakhale wotsatsa malonda mmodzi. Chigayo chokha, nachonso wina anachizimitsa.

"Amayi akundidikira pakhonde, padzuwa, miyendo yatupa. Uwauze apite kunyumba. Uwauze kuti palibe chimene ndinasiya, nkhuku zawo azidyetsa okha." Akita anachotsa manja pamapewa a mtsikana n'kuloza kunjanji. "Iwenso tsika. Waima nthawi yaitali. Usatembenuke, ukatembenuka ndiyambiranso."

Mtsikana uja anatsika makwerero achitsulo. Sanatembenuke. Chitseko cha padenga chinatseguka, gulu la Petulo linatulukira ndi matcheni awo, ndipo akita anangokhala pansi n'kutsamira khoma. Achemwali anaika maiki pamiyendo. Otsalawo sanawalankhulire, Petulo anakuwa Chizungu chake yekha. Likhweru linabwerera, ng'oma pansi pake, kamera n'kumakwera m'mwamba mpaka anthu padengapo anaoneka ngati nyerere. Mayina anayamba kuyenda pa sikirini.

Palibe anasuntha. Nyimbo itatha, aNangozo anadzuka ndi kandodo kawo. Sanalire. Anayang'ana sikirini, kenako a Yakobo.

"Zimitsani. Ndipo musadzamudzutsenso."

"Ndamva, mayi."

"Mafilimu ake onse."

"Onse, mayi."

Anapita pamene panali achemwali, anawayang'ana nthawi yaitali ngati akufunafuna munthu wina kuseri kwa nkhope yawo. Kenako anamasula nsalu yawo, natulutsa chitumbuwa chouma gwa, chimodzi mwa zija ndinkawapatsa, n'kuchisiya pa benchi. Anatembenukira kwa amalume.

"A Jailosi, Loweruka mubwere ndi anthu anu."

Loweruka anawasudzuladi, pamaso pa ankhoswe a mbali zonse. ANangozo analankhula okha, mawu ochepa, n'kuwagwira achemwali dzanja. A Gidiyoni anamweta mpunga wawo, ndipo mkazi wa ku Bwanje uja ndinamva kuti anakwatiwa ndi wina wokonza mawailesi, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Tsiku lomanga katundu ndinawapeza achemwali okha kuchipinda kuja, akuchotsa masaka m'makoma. Ndinafunsa chimene msika wonse unkafuna kudziwa.

"Achemwali, zija munakonzeratu?"

"Ndinakonzeratu."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinayamba kuseka. "Ndiye mwawapusitsa onse! Ngakhale ine tsitsi linaima!"

Iwo sanaseke. Anapinda saka n'kuliika pansi. "Ndinakonza zoti anene kuti Yunisi ukwatiwe, Gidiyoni ndi munthu wabwino, amayi musamuletse. Ndinaloweza popita, njira yonse. Thandizo, pa mawu amenewo ndinanenapo ngakhale limodzi?"

Ndinaganiza. Sananenepo.

"Mwina munangosintha maganizo," ndinatero. "Za pakhonde zija ndinakuuzani ndine. Za kutopa ndinenso."

"Mwina."

"Nanga za nkhuku?"

"Tandithandiza kuzula msomali uwu."

Anasamukira ku Bwanje mwezi wotsatira. Kumene amakhalako kulibe vidiyo pafupi, kuli achule ndi mbalame za mumpunga basi. Anenepa, ndipo panopa ndi oyembekezera. ANangozo sanabwerenso pachigayo. Ndinakawaona kamodzi, ndinawapeza akuwazira nkhuku zawo gaga pabwalo, ndipo anandifunsa za mitengo ya tomato ngati munthu wina aliyense.

A Yakobo lonjezo lawo anasunga, tisawanamizire. Masiku ano amaonetsa mpira ndi mafilimu a womasulira wina wa ku Lilongwe amene amangokuwa. Koma tsiku lija panja panali anthu ambiri, ndipo pafupifupi mnyamata aliyense wa kabaza anali atakweza foni yake kuloza ku chisipika. Wina wodziwa za makompyuta analumikiza mawuwo ndi zithunzi. Tsopano filimu ija ili yonse, yomalizika, ndipo ikuyenda m'mafoni kuposa kale. Anyamata amabetcherana kuti a Limbani alekezera pati, a Yunisi ayambira pati. Ine amene ndinali m'chipindamo ndinamvetsera pa foni ya mnzanga, ndinabwezanso, ndipo pa mawu a akita paja sindinathe kunena motsimikiza kuti ndi a ndani.

Ndiye pa siteji ya minibasi, pachiwaya cha a Petulo, pansi pa mtengo pamene a kabaza amadikirira anthu, umangomva likhweru likutuluka m'thumba la munthu. Ukadutsa pafupi umamva, "Ndikati ndigone, andidzutsanso." Anyamata n'kumati, "Tabwezanso pamenepo, aise." Poyamba ndinkawakalipira kuti azimitse. Ankandiseka, ena n'kumandikwezera dala. Panopa ndimangonyamula beseni langa n'kusuntha.

Achemwali amandiimbira Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, pa foni ya a Gidiyoni. Ndimawauza zonse: amene watenga mimba, amene wathawa ndi mwamuna wa mwini, amene anamenyana pamjigo. Amaseka mpaka kutsamwa. Koma tisanadule amafunsa chinthu chomwechomwecho.

"Nanga kumsikako? Anagona?"

Dzulo akufunsa choncho, mnyamata wina ankadutsa pa njinga kuseri kwa mpanda wathu, foni ili m'thumba la malaya. Ndinaphimba foni ya amayi anga, imene ndimayankhira, ndi chikhatho mpaka likhweru linazimiririka chakunjanji.

"Halo? Thandizo?"

"Netiweki, achemwali. Anagona. Kuli zii."

Inunso mukakumana nawo ku Bwanje, musakawauze.